Mapilisi M'munda wa Thonje

Ine mkwiyo ndili nawo kuyambira kale. Sukulu ndinalekera giredi seveni nditamenyana ndi mnzanga chifukwa cha mpando. Koma zimene ndinachita chaka chomwe mkazi wanga anabwera kuchokera kuchipatala ndi bere limodzi, mpaka lero zimandisowetsa mtendere.

Anamupeza ndi khansa ya m'mawere mwana wathu woyamba ali ndi zaka ziwiri. Atamuchita opaleshoni anamupatsa timapilisi toyera, kamodzi tsiku lililonse, zaka faivi. Adokotala anati khansa yakeyo ndi ija imakula ndi mphamvu za m'thupi la mzimayi, ndiye mapilisiwo amaitsekera njira kuti isabwerere. Anati asatenge mimba ali pa mankhwalawo, ngakhale jakisoni wolera amene ankabayitsa kale amusiye. Ine pa zonsezo ndinatolapo chimodzi chabe: zaka faivi popanda mwana wina.

Kwathu ku Msoro nkhani siichedwa kufika kwa achibale. Azakhali anga anatipeza tikukolola thonje, anakhala pathumba, n'kuyamba.

"Iwe, mapilisi olera amenewo. Matenda anachotsa kale ndi mpeni, nanga akumwa a chiyani? Anzako ali ndi atatu atatu, iwe ukudikira imvi?"

Mkazi wanga anali chapafupi, akuthyola ndi dzanja limodzi poti linalo linkatupa. Kabotolo ka mapilisiwo ankakamangirira kunsonga ya chitenje kuti mwana asakapeze kunyumba. Ndinapita n'kukamasula.

"Atate ake a mwana, bwezani," anatero.

"Undiuze zoona, ndi olera?"

"Munalipo adokotala akulankhula. Makutu munaiwala m'basi?"

Azakhali anaseka. Kuseka kumeneko ndiko kunandimaliza. Ndinaponya kabotolo ndi mphamvu zanga zonse, chivundikiro n'kudumphira m'mwamba, mapilisi mbwee m'mizere.

Mkazi wanga sanalire ayi. Anangonyamula mwana n'kumubereka.

"Ena akandipatsa ku Chipata mwezi uno ukatha," anatero. "Khansa ikabwerera, uyu muzimusambitsa nokha."

Azakhali anakumbuka kuti ali ndi mbuzi zoti akamasule. Ndinatsala ndekha, chogwada, dzuwa la kuchigwa likundiwotcha msana. Munthu asakunamize, kufuna kanthu koyera m'munda wa thonje n'chilango. Chilichonse ndagwira, thonje. Makoko anandibaya zala mpaka magazi. Ndinapeza sikisi, odetsedwa, ena nyerere zitayamba kale.

Ndinawatengera kukiliniki m'chikhatho. Anesi athu, amene anachokera kumigodi, anayang'ana mapilisiwo kenako ine.

"Anagwa okha?"

"Ndinaponya ndine. Asisita, kodi ndi olera?"

"Akadakhala olera bwenzi tikukuuzani kuti musamale mimba? Awa akusunga mayi wa mwana amene muli naye kale. Tayani awo. Kuno sitisunga, ndikulemberani kalata."

Ndinapalasa njinga mpaka kumsewu, ndinakwera minibasi, ndinafika kuchipatala ku Chipata atatseka. Mawa lake munali mzere wautali. Pamene ndinkabwera nako kabotolo katsopano, mkazi wanga anali atadumphitsa masiku atatu.

Anesi anati masiku atatu asandidetse nkhawa kwambiri, bola asadumphitsenso. Ndinamva, koma mtima sumva. Patsala zaka ziwiri tsopano kuti mkazi wanga amalize mankhwalawo. M'mawa uliwonse sinditenga khasu mpaka ndimuone wameza. Akangopititsa dzanja pachipsera paja, ngakhale akungodzikanda chabe, ine ndimasiya zomwe ndikuchita.

"Mwamva chiyani?"

"Thukuta, bambo. Pitani kumunda."

Ndimapita, koma ndikafika pamzere uja maso amangopita pansi okha.