Chitini cha Malume Sebio

Malume anga a Sebio Cabacungan sanapambanepo ndewu chibadwire, koma m'dera lathu lino la Kalihi palibe katswiri womenya amene sanaphunzirire pa thupi lawo.

Nkhondo yaikulu itangotha, anyamata atatu ankakumana m'galaja kuseri kwathu: Tamashiro wa karate, Pacheco wa nkhonya, ndi Lum wodziwa kupotokola mikono mwachitchaina. Anapangana zosakaniza nzeru zawo kuti apange kamenyedwe kamodzi kodzitetezera mumsewu. Dzina anatola kumitu ya mayina awo: Ta, Pa, Lu. Vuto linali lakuti onse atatu anali odzimva, palibe ankalola kugwetsedwa ndi mnzake. Tsiku lina anaona malume akuchokera kufakitale ya zinanazi, chitini chawo cha mpunga ndi nsomba chili m'manja.

"Manong, tadzangoimani apa kamphindi," anatero Pacheco, powaitana ndi mawu aulemu a kwathu otanthauza achimwene.

Kamphindi ako kanadya unyamata wawo wonse. Malume anali aafupi, amanzere, ndipo chitini sankachitula pansi chifukwa galu wa Lum anawadyerapo nsomba. Ndiye akamachita ngati mdani woyeserera ankaukira ndi dzanja lamanzere, chitini chili kumanja. Akatswiri aja n'kuwatchinga, n'kuwapinda, n'kuwawombetsa pasimenti, kenako n'kumakangana kuti wagwira ntchito ndi mwendo wa ndani. Wowatikita ndi mafuta a kokonati ndinali ine, ndipo ndinkapsa mtima kuposa eni msana.

"Malume, mukupindulanji ndi zimenezi?"

"Tikupanga mbiri, mwanawe. Tatsitsako dzanja, apo ndi pa Tamashiro. Pa Pacheco ndi m'nthitimu."

Tapalu inakula. Ophunzira anapita nayo ku California ndi kutsogolo, n'kutsegula masukulu awo, n'kugawikana, aliyense akulumbira kuti yeniyeni ndi yake. Koma konseko phunziro linkayamba chimodzimodzi: mdani amabwera ndi dzanja lamanzere, atanyamula chitini. Ophunzira ankagula zitini pamodzi ndi malamba. Wamtali akakhala mdani ankamugwaditsa. Mphunzitsi wina anafika polalikira kuti chitinicho chikuimira mkwiyo umene munthu amayenda nawo, pamene ine ndikudziwa kuti munkakhala mpunga wa dzulo. Mnyamata wina atafwambidwa ndi chimunthu chachitali chogwiritsa dzanja lamanja, anabwera kudzadandaula. Anamuuza kuti wolakwa ndi wakubayo, sanaukire bwino.

Malume atakalamba, Tamashiro ndi Lum atatsikira kuli chete, Pacheco anaitana a Tapalu onse kuphwando. Anaotcha nkhumba m'dzenje, ndipo pakhoma la holo anajambulitsa chimtengo: atatu aja pathunthu, ophunzira awo m'nthambi mpaka kudenga. Ndinafufuza tsamba ndi tsamba, dzina la malume panalibe. Iwo anangotenga chitini chawo n'kukaima pamaso pa Pacheco, amene tsopano ankavala lamba wofiira womuzungulira mimba movutikira.

"Pacheco, sindinakupemphepo kanthu. Ndikufuna Se wanga. Ta, Pa, Lu, Se."

"Aa, Manong, musandiseketse anthu. Dzina ndi la omenya. Inu munkagwa."

"Chabwino. Ndigwetseni komaliza, ana awa aoneko."

Anthu anaomba m'manja. Panatuluka chimphona cha ku California, khosi ngati mbiya, n'kuwerama mwaulemu. Malume anaweramanso. Kenako anachotsa chitini kumanja, n'kuchigwira kumanzere.

Chimphona chija chinauma. Chinayang'ana chitini, chinayang'ana mapazi ake, chinayesa kuyamba n'kudzipinga chokha.

"Aphunzitsi," chinatero, "mdaniyu watembenuzika."

Anabwera wina, zomwezo. Wachitatu anapempha galasi kuti aziwaonera m'menemo. Apo malume anawerama pang'onopang'ono, mawondo akulira, n'kutula chitini pansi. Malamba akuda odzaza mabenchi, palibe amene ankadziwa chochita ndi nkhalamba ya manja awiri. Mayi wina anafunsa chonong'ona ngati ili ndi phunziro lina lachinsinsi.

"Manong, tolani chitinicho," Pacheco anatero thukuta lili kamukamu. "Mukundiphera sukulu."

"Se."

"Malaya tinasindikiza kale, inu!"

"Se."

"Chabwino, chabwino! Pamalaya zakanika, koma pamtengo mukhalapo. Itanani wapenti uja."

Wapenti anabwera ali ndi fupa kukamwa, n'kufunsa kuti bambowa anaphunzitsidwa ndi ndani, kuti adziwe nthambi. Palibe. Anaphunzitsa ndani? Palibenso. Pathunthu panali podzaza. Anakanda m'mutu, n'kugwada, n'kulemba SEBIO chogona pansi penipeni, kunsi kwa mizu, pamene nsapato za anthu zimadetsa khoma.

Kunena zoona ndinafuna kumutsira pentiyo kumaso. Misozi ya ukali inali ikutsika, ndipo sindinasamale kuti ndani akundiona.

"Malume, tiyeni tizipita. Akugwetsaninso anthu awa!"

Iwo anapendeketsa mutu n'kuwerenga dzinalo kwa nthawi, milomo ikuyenda. Anatola chitini chawo, kumanja monga kale, ndipo ndinamva holo yonse ikupumira m'mwamba.

"Taonetsetsa, mwanawe," anatero. "Ndikangodzuka pamenepo, chimtengo chonsechi chigwa."