A Festus Sadamalize Kuwerenga

Ku Bowe mukafunsa za a Festus, anthu amayamba akufunsani kuti, "Ati? A Chigiriki aja?" Kenako amakulozerani nyumba ya malata yomwe ili kuseri kwa tchalitchi. Mwini wakeyo ndi bambo wamfupi, wa imvi zake, mphunzitsi wa pulayimale wopuma ntchito, mkulu wa mpingo. Amalima chimanga ndi kafodya pang'ono monga wina aliyense.

Chigirikicho chidawapeza atakula kale. Abusa ena opuma adabwera kudzakhala kwa mwana wawo ku Bowe komweko, ndipo adalengeza kuti Loweruka lililonse aziphunzitsa akulu a mpingo chilankhulo chimene Chipangano Chatsopano chidalembedwamo poyamba. Tsiku loyamba mabenchi adadzaza. Ena ankayesa kuti kudzakhala satifiketi, ena tiyi. Koma ataona zilembo zopindikapindika zija, ndi mneni mmodzi wosintha kumutu ndi kumchira malinga ndi amene akuchita ndi nthawi yochitira, ambiri adakumbukira kuti mbuzi zawo zilibe woziyang'anira. Mvula isanagwe adatsala a Festus okha.

Iwo chidawalowa m'magazi. Ankatenga vesi limodzi, n'kuyamba asaka mneni, kenako mwini wa mneniyo, kenako timawu ting'onoting'ono tolumikiza ziganizo, timene abusa ankati nditimene timagwetsa anthu. Akatero ankalemba vesilo m'Chichewa chawochawo ndi pensulo, n'kuliyerekeza ndi Baibulo la m'tchalitchi. Abusa atamwalira, mabuku awo adatsala m'manja mwa a Festus: Chipangano cha Chigiriki, galamala, ndi dikishonale yothothoka chikuto.

Kuyambira pamenepo a Festus sankayankha funso la Malemba pomwepo. "Ndikayang'ane kaye," ankatero. Chidali chizolowezi chabwino, tisawanamizire. Mlungu ukatha ankabwera ndi yankho loongoka, ndipo kangapo adauza anthu poyera kuti zina zimene timaletsana ndi zathuzathu, m'bukumo mulibe.

Mawu amenewa adafika mpaka ku Kasakula, ku Ntchisi, kumene kunkakhala a Langton, mkulu wawo wa bere limodzi. A Langton ndiwo ankatsala kumunda ali anyamata kuti Festus apite kusukulu. Adalowa gule wamkulu ali wamng'ono, n'kukhala woimba ng'oma wodziwika, kenako adakakwatira a Manesi n'kukhazikika kwawo kwa mkaziyo. Wina ku tchalitchi, wina ku dambwe, koma abalewa sadayambanepo. Vuto lidali limodzi. Pampingo wa a Festus, mkulu wa mpingo akaoneka pa maliro povina zilombo ankaitanidwa kubwalo la akulu anzake, ndipo udindo unkathera pomwepo.

Chaka china, dzuwa la Okutobala lili pamutu, uthenga udafika woti a Langton atuluka m'chipatala koma sali bwino. A Festus adakwera njinga yamoto ya kabaza kukawazonda. Adawapeza pamphasa pansi pa mtengo wa mango, miyendo itatupa, koma nthabwala zili zomwe zija.

"Wabwera, m'busa wosadzozedwa? Khala apa," adatero a Langton. Atacheza za mvula ndi za feteleza, adatsitsa mawu. "Festus, ine ulendo wayandikira. Usandiuze za mankhwala, thupi ndi langa. Pa maliro anga zilombo zidzatuluka. Ndi anzanga amenewo, sindingawakane."

"Musayankhule choncho, achimwene."

"Ndayankhula kale. Tsono iwe umati zina zimene anthu amaletsa m'bukumo mulibe. Kayang'ane m'Chigiriki chakocho. Ngati mwalembedwa kuti usadzandiponyere dothi, undiuze, sindidzakwiya. Ngati mulibe, udzabwere. Ndatsala ndi iwe wekha wa kwa amayi."

A Festus adayang'ana pansi. Pakamwa padabwera mawu omwe aja a masiku onse: "Ndikayang'ane kaye, achimwene."

Ndipo adayang'anadi. Poyamba adagwira ntchitoyo ndi mtima wonse. Adayamba ndi ndime imene inkawaopsa kwambiri, ya munthu uja wopempha kuti ayambe wakaika bambo ake asanatsate Yesu. Adaimasulira liwu ndi liwu, kuyang'ana zimene zili patsogolo pake ndi pambuyo pake, mpaka adakhutira kuti nkhani yake ndi ya kuzengereza poitanidwa, osati lamulo loletsa kuika wachibale. Adapita kwa Paulo, pa zakudya zoperekedwa kwa mafano ndi pa kuyanjana ndi osakhulupirira. Pamenepo adatuluka thukuta, koma adaona kuti kuvina ndi kwina, kulira mbale wako ndi kwina. Adawerenganso za Msamariya uja, ndi za munthu wa m'bwalo la akulu amene adakapempha mtembo wa Yesu ophunzira ake onse atathawa. Pofika nthawi yopalira, yankho adali nalo. Momwe iwo adaonera, choletsa mudalibe.

Adauza akazi awo, a Lidia, ali kumunda.

"Ndiye imbani foni lero lomwe, bambo," adatero a Lidia. "Munthu akudikira."

"Kwatsala Ahebri ndi Chivumbulutso. Zinthu izi safulumira nazo."

A Lidia adawayang'ana, n'kupitiriza kupalira.

Tinene zoona, Ahebri adalibe mlandu. Chaka chomwecho mpingo udali utalola a Festus kutsegulanso kalasi ya Loweruka, ndipo anyamata ndi atsikana ankabwera kudzaloweza alefa, beta, gama. Kwa nthawi yoyamba chimwalirire abusa, adali ndi anthu oyankhula nawo za chinthu chimene ankachikonda. Akati inde kwa achimwene awo, tsiku lina adzaima pa bwalo la akulu anzawo, ukulu udzapita, kalasi idzapitanso. Akati ayi, anama, pomwe a Festus kunama za Malemba sankatha. Ndiye adapeza pobisala pabwino, pamene palibe akadawadzudzula: kuseri kwa dikishonale. Munthu wamantha wophunzira ndi womvetsa chisoni, chifukwa mantha ake amaoneka ngati khama.

A Langton ankaimba pa foni ya akazi awo.

"Wafika pati, m'busa?"

"Ndatsala pang'ono, achimwene."

"Werenga bwino, usadumphe tsamba," ankatero akuseka, chifuwa chikuwatsamwitsa.

Ahebri adatha. A Festus adalowa m'Chivumbulutso, m'mene Chigiriki chake n'chokhotakhota, ndipo adakondwa kuti n'chovuta. Fodya adacha, adayamba kuthyola ndi kusoka. Ankati akangomaliza kupachika m'chigafa apita okha ku Kasakula, chifukwa nkhani yotere siyoyankhula pa foni. Foni ya ku Kasakula idasiya kulira, ndipo iwo, m'malo modera nkhawa, adapumira m'mwamba.

Idadzalira m'mawa wina a Festus ali m'chigafa. Adali a Manesi.

"Alamu, bwerani. Achimwene anu atisiya."

A Festus adasiya fodya pansi osasamba n'komwe m'manja. Pa njinga yamoto, akukwera ndi kutsika zitunda za ku Ntchisi, mantha onse aja adasungunuka, ndipo adadabwa kuti adali aang'ono bwanji. Akandidule kumpingoko, ankatero mumtima. Ndikakhala pa siwa, ndikanyamula bokosi, zilombo zivine pamaso panga, dothi ndikaponya. Misozi inkauma ndi mphepo, koma mtima udali utapepuka. Ankaona ngati afika nalo yankho lija.

Atalowa m'mudzi sadamve kulira. Ng'oma kudalibe. Amayi ankatsuka miphika ikuluikulu, amuna awiri ankabweza mabenchi obwereka, ndipo pabwalo padali phulusa lozizira. A Manesi adali pakhonde atafunda chitenje kumutu. A Festus adagwada pafupi nawo.

"Alamu, thupi lili kuti? Likadali ku chipatala?"

"Tidaika dzulo."

"Dzulo? Ine osandiuza? Ine mng'ono wawo?"

"Musakwiyire ine, alamu. Ndi mawu awo. Adaitana akuluakulu a pabanja ali ndi nzeru zawo zonse, n'kunena kuti, 'Festus musamuuze mpaka mutandiika. Musamuvutitse mwanayo, akuwerenga.' Tidakana, tidalira, koma mawu a munthu wopita ndani angawaphwanye?"

A Festus adakhala pansi pa dothi. Kenako adayankhula ngati mwana wa sukulu amene wafika mayeso atatha.

"Mulibe, alamu. Ndidayang'ana monse. Choletsa mulibe. Ndikadabwera."

"Ankadziwa kuti mulibe," adatero a Manesi, osakweza mawu. "Ankati, 'Mng'ono wanga sanama. Akadapeza choletsa akadandiuza mlungu womwewo. Wachedwa chonchi chifukwa sadapeze kanthu, koma akuopa. Nanga ndimuvule ukulu wake chifukwa cha mtembo? Ine ndidamutumiza kusukulu kuti akhale munthu.' Mpaka Lachisanu ankafunsabe ngati mwaimba."

Madzulo amuna a m'mudzimo adawaperekeza kumanda. Mtumbira udali utaumbidwa kale bwinobwino, wosalazidwa ndi makasu. A Festus adatola kadothi pambali, n'kuima nako m'manja, osadziwa pokaika.

Adabwerera ku Bowe patatha masiku angapo. Anthu a mpingo adabwera kudzapepesa, ndipo mmodzi wa akulu anzawo adawagwira dzanja n'kuwayamikira kuti adachita mwanzeru kufika zonse zitatha. Kubwalo palibe adawaitana, popeza palibe lamulo limene adaphwanya. Ukulu wa mpingo akadali nawo mpaka lero.