Takondwa akufuna koleji ya atsikana okhaokha

Moni nonse apabanja.

Lero nditaweruka kuntchito ndapeza mwana wanga Takondwa ali kukhitchini pa laputopu, akucheza pa vidiyo ndi ophunzira a koleji ina ya ku Amerika. Kolejiyo ndi ya atsikana okhaokha.

Chandidabwitsa ndi mawu ake. Mwana uja amayankha monong'ona kutchalitchi, lero amatsutsana ndi anthu osawadziwa pa za fizikisi, mokweza, mpaka kuseka. Ndangoima pakhomo osavula ndi jekete lomwe.

Atamaliza ndamufunsa, "Iwe, mawu amenewa umawabisa kuti?" Akuti, "Amama, m'kalasi ya fizikisi mtsikana ndine ndekha. Ndikangotsegula pakamwa anyamata onse amatembenuka."

Tsono akufuna kuapulaya msanga, mwezi wamawa. Koma njira imeneyi ili ndi lamulo: akamutenga ayenera kupita, mayunivesite ena onse awasiye, ndipo kholo lisayinire. Bambo ake angoti ku Birmingham kunonso yunivesite ilipo, basi yake imadutsa pa Longbridge pomwepa.

Ine mtima uli pawiri. Azakhali ake, inu munaphunzira sekondale ya atsikana okhaokha, tandiuzani zoona. Kodi mawu amenewa munthu amatuluka nawo, kapena amathera pageti?