Manja Awiri Pakhoma

Fungo la kolorini likandipeza, ngakhale m'madzi a pampopi, ndimaona Che Twaibu akutsika njinga ku Biwi, thalauza atalipinda m'mawondo, zala zitachita makwinya chifukwa chokhalitsa m'madzi. Anali oyandikana nyumba ndi azakhali anga, kwawo ku Mangochi, ndipo ankasamala dziwe losambiramo pasukulu ina ya ana a anthu olemera. Bambo aja sankakhala pansi. Tiyi ankamwa chiimire, uku akukonza tcheni cha njinga, uku akuyankha moni wa anthu odutsa.

Ine ndinali nditangobwera kuchokera kumudzi ku Mitundu, ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri, wamanyazi moti ndinkagwadira ngakhale wogulitsa makala. Che Twaibu atamva kuti kwathu ndinkawoloka mtsinje chosambira, anapempha azakhali, anatulutsa benchi panja, nandigoneka chafufumimba, anyamata owotcherera zitsulo kutsidya kwa msewu akuseka.

"Uku ndi kusambira kwa chule," anatero. "Koka madzi, tulutsa mutu upume, ponda ndi miyendo yonse pamodzi, kenako wongoka ngati nsungwi. Mwendo umodzi ukatsogola, akuchotsa mumpikisano. Ukafika pakhoma, manja awiri. Wamva, Esinati?"

"Ndamva, Abambo."

Lamlungu masana, sukulu ili zii, ankandilowetsa m'dziwemo mobisa. Ankathamanga m'mbali akudzudzula miyendo yanga, koma ndisanafike kumapeto amakhala atachoka kale, kukasuzumira kugeti kapena kukavuula masamba ndi ukonde wawo. Nthawi yonseyo ndinkaopa kuti akatipeza, ntchito yawo itha chifukwa cha ine.

Kenako sukuluyo inakonza mpikisano wa ana a m'madera oyandikana nayo. Atatu oyamba kufika ankayenera kuloledwa kusambira Loweruka lililonse, kulowera pageti masana, osabisala. Tsikulo litafika, oyang'anira malamulo anachepa, ndiye Che Twaibu anawaimika kumapeto kwa dziwe, pamzere wanga.

Ndinasambira ngati akundithamangitsa. Nditaona khoma, komanso mapazi awo pamwamba pake, thupi linachita zimene amayi anandiphunzitsa popereka chinthu kwa munthu wamkulu: dzanja lamanja patsogolo, lamanzere litagwira pamkono. Kwa ine manja awiri anali amenewo. Ndinali wachiwiri kufika. Nditadzutsa mutu ndinaona Che Twaibu atakweza dzanja, kusonyeza kuti ndachotsedwa, ataima njo, osagwedera n'komwe.

Pobwerera anandikweza pakaliyala mpaka pamlatho wa Lilongwe. Pamenepo tinatsika, iwo n'kuyamba kukankha njinga mofulumira, ine ndikuthamangira m'mbuyo.

"Khoma lija ndi apongozi ako kodi?"

"Munati manja awiri, Abambo."

"Zikhatho zonse ziwiri, pakhoma, nthawi imodzi. Ulemu uziusiya kunja pamodzi ndi nsapato."

Ndinalimba mtima, maso ali pansi. "Koma amene anaona ndinu nokha."

Anaima. Basi inatiimbira belu kuti tipatuke.

"Ndayang'ana kumbali miyezi inayi, osaona mmene umafikira pakhoma," anatero, "ndiye zatifikitsa pano. Wolakwa si iwe, mwanawe."

M'dziwe muja sindinalowenso, chifukwa akuluakulu a sukulu anayamba kufunsa kumene mwana wa ku Biwi anaphunzirira kusambira koteroko. M'malo mwake Che Twaibu ankandiimika kuseri, pakhoma la bafa, ndikuligunda ndi zikhatho zonse mpaka laimu atandiyeretsa manja, iwo akuwerenga mokweza, osachoka. Chaka chisanathe anabwerera kwawo ku Mangochi, asanandionepo ndikumaliza mpikisano bwinobwino.

Lero ndimaphunzitsa ana kusambira kufupi ndi Area 18. Sindilankhula zambiri, ndipo makolo ena amati ndine wozizira. Koma mwana akangonyamuka, ndimapita kukaima kumapeto, ndipo foni ilire, abwana aitane, sindichokapo mpaka nditaona mmene manja ake afikira.