Mawu oyatsira nyali ya a Barnaba

Ntchito yanga yoyamba ndinaimvera pakhomo la tchalitchi, titangotuluka mu Misa. Mayi wina wa m'kwaya anandiuza kuti ku Metangula kwabwera kampani yaing'ono yoika masola m'nyumba, ndipo ikufuna munthu wodziwa Chinyanja ndi njira za m'mbali mwa nyanja. Ndinapita m'mawa mwake. Shefi wake, ndiye kuti bwana wa kampaniyo, a Mateus, anali a ku Nampula, munthu wa mawu ochepa amene ankalankhula Chipwitikizi chokha. Anandiyang'ana m'manja, osafunsa za sukulu, n'kundipatsa chikwama cha zida.

M'chikwamamo munali alikate yodulira waya, sikuludilaiva, tepi yakuda ndi mita yoyezera mphamvu ya batire. Anandiphunzitsa kuti sola imayang'ana kumpoto, yopendekeka pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Pa nyumba ya udzu sitinkaika padenga, tinkazika mtengo wautali pabwalo. Batire imayamba kulumikizidwa ku bokosi lolamulira magetsi, sola pambuyo. Mawu a shefi anali amodzimodzi tsiku lililonse: "Yeza usanagwire."

Bokosilo linali lamakono. Linali ndi khadi ngati la m'foni, ndipo nyali ikayaka linkatumiza uthenga kwa amene wagula. Linkamvanso mawu. Munthu akanena m'Chipwitikizi kuti "acende a luz", kutanthauza kuti yatsa kuwala, nyali inkayaka popanda kukhudza kanthu. Ogula ambiri anali ana okhala ku Lichinga kapena ku Maputo, ogulira makolo awo okalamba. Mwana ankaimba foni, ife tinkapita pa njinga yamoto, ndipo nthawi zambiri tinkapeza nkhalamba imene sinafunsidwe n'komwe. Nyali zina tinkazipeza pambuyo pake zitafundikidwa chitenje ngati maliro.

Tsiku limene sindiliiwala linali kwa a Barnaba, m'mudzi wina kumpoto kwa Lunho. Anali katekisiti wopuma, maso atachita khungu pang'ono, manja akunjenjemera moti ngakhale batani la pakhoma ankaliphonya. Masabata angapo m'mbuyomo koloboyi anawapulumuka m'manja, neti ya udzudzu inayaka, ndipo mkono unapsa mpaka pachigongono. Mwana wawo Rute, namwino wa ku Lichinga, anabwera iye mwini pa galimoto yobwereka, ndi dalaivala wake. Anatiuza tili pabwalo kuti nyaliyo ikakanika, atate ake akwera galimotoyo tsiku lomwelo. A Barnaba anamva. Anangoyang'ana kumtunda, kumene kunali manda a akazi awo.

Tinazika mtengo, tinakoka waya, tinayeza batire. Dzuwa litapendeka zonse zinali m'malo mwake. Ndinagwada pafupi ndi mpando wawo n'kuwafotokozera mawu oyenera kunena.

"Mawuwo ndikuwamva, mwana wanga," anatero. "Koma wolamula kuwala ndi Mmodzi, ndipo analamula kale pachiyambi. Ine fumbi ndikalamule kuwala? Pakamwa panga sipatuluka zimenezo."

Ine ndemwe ndinali ndisanaganizepo choncho, ngakhale Malemba ndinakula nawo. Ndinamasulira kwa shefi. Sanaseke. Anandikumbutsa kuti bokosilo likhoza kuphunzira liwu lina lililonse. Umadina kabatani ka kumbuyo mpaka kagetsi kabuluu kayambe kuphethira, munthu n'kunena liwu lakelo katatu, momveka, ali pamalo amene amakonda kukhala. Liwu lomwelo limayatsa ndi kuzimitsa.

A Barnaba anaganiza pang'ono. "Kulamula ayi. Kuthokoza ndingathe." Ananena katatu kuti zikomo, ndipo nyali inayaka. Mtima wa Rute unakhala pansi.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Amayi a m'mudzi anali atamva kuti kwa katekisiti kwabwera nyali yomva mawu. Analowa akuwerama, akuwomba m'manja. "Zikomo, zikomo atate. Zikomo alendo." Nyali inayaka, inazima, inayakanso. Foni ya Rute inkalira m'thumba mosalekeza. Mayi wina anafuula kuti, "Iii, kanthu aka n'kaulemu kuposa ana athu!" Onse anaseka mpaka kugwirana mapewa. Ife a kunyanja zikomo timamunena polowa, potuluka, podutsa ndi polandira madzi. Ndinayenera kuziganiza, koma zinatidutsa tonse.

Rute sanaseke. Anawapempha amayiwo kuti atuluke, n'kulowa kuchipinda. Tinamva akutsegula sutikesi. Shefi anayamba kukulunga waya wotsala. Ine ndinaima pakhomo ndikupemphera chamumtima, chifukwa ndinaona kuti nkhalambayi ikuchotsedwa pakhomo pake ngati mtengo wozulidwa ndi mizu, ndipo mtengo wakale sumera pena.

"Rute," anaitana a Barnaba. "Tasiya zovalazo. Bwera ukhale apa."

Anabwera n'kukhala pamphasa, pafupi ndi mapazi awo. Kuyambira m'mawa anali asanakhale pansi.

"Atate, anthu akupsa ndimawasambitsa ine kuchipatala. Ndikudziwa mmene amafera. Musandiuze kuti ndidzakusambitseni inu."

"Ndamva. Nanga iwe wandifunsa chimene ndikuopa ine?"

"Sindinakufunseni."

"Ku Lichinga kuli chisanu, ndipo kulibe amene amandidziwa dzina. Ndikafera m'nyumba ya eni, amako ali kuno okha."

Kenako Rute anatembenukira kwa ine, maso ali ofiira. "Achimwene, palibenso njira ina?"

Ndinati njira ilipo, koma pakufunika liwu limene munthu wina aliyense satchula m'nyumba muno. A Barnaba anaweramitsa mutu. Ndinadina kabatani, kagetsi kabuluu kanayamba kuphethira, ndipo ndinawauza kuti bokosi likumvetsera.

"Kamwera," anatero.

"Wawa, atate," Rute anayankha asanaganize, ngati kamtsikana kotumidwa kumadzi. Kenako anagwira pakamwa.

Linali dzina lake la paubwana. Anabadwa mphepo ya mwera ikuwomba, mabwato onse ali pamtunda, ndipo amayi ake anamutcha choncho. Chipitireni kusukulu ya unamwino palibe amene analitchulanso. Ndinamupempha ndi dzanja kuti akhale chete, chifukwa bokosi linkayenera kumva liwu limodzi lokha. Tinayambiranso. A Barnaba anaitana katatu, mwana wawo ali pamapazi awo akudziletsa kuyankha, misozi ikutsika. Kagetsi kanaleka kuphethira. Anaitananso kachinayi, nyali inayaka, ndipo foni inalira m'thumba la Rute.

Anaitulutsa, anawerenga uthengawo, n'kuiika pamphasa. Anadzuka kukauza dalaivala kuti abwerera awiri okha. Asananyamuke anatenga koloboyi ndi botolo la palafini n'kuzipereka kwa anansi, ndipo anagwirizana ndi mdzukulu wa mlongo wa a Barnaba kuti aziwaphikira. Shefi anandiuza kuti ndimange bwino waya wa pakhoma ndi timisomali, kuti nkhalamba isakodwe.

Pobwerera a Mateus anangonena chinthu chimodzi. Anati mawaya tinamaliza masana, koma ntchito inayamba pamene mayi uja anakhala pansi.

Ndagwira ntchitoyi zaka zingapo tsopano, ndipo ndili ndi anyamata amene ndimawaphunzitsa. Mwana akaimba foni kuti tikaike bokosi kwa makolo ake, ndimamufunsa ngati adzakhalapo tsikulo. Akati ali wotanganidwa, ndimamuuza mwaulemu kuti tidikira. Lamulo lolemekeza atate ndi amayi silitumizidwa pa njinga yamoto. Nkhalamba siikana chipangizo chifukwa cha umbuli. Imakana chifukwa palibe amene wakhala pamphasa kumva chimene ikuopa.

A Barnaba anakhala m'nyumba yawo mpaka Ambuye atawaitana, ndipo anagona pafupi ndi akazi awo. Pamaliro Rute anandiuza kuti uthenga wa bokosi lija unkangonena kuti nyali yayaka. Koma ukafika, ngakhale ali pakati pa odwala, ankapatukira pakhonde, n'kuimba foni kumudzi, n'kuyamba ndi mawu akuti, "Wawa, atate."