Zimene Amalume Ankadyetsa

Kabokosi kaja kanali kabuluu, chivindikiro choyera, kofanana ndi timene amagulitsiramo mafirizesi pageti la sukulu. Koma ka amalume sikankatsegulidwa pamaso pa ana. Kankakhala kuseri kwa mpando wa galimoto yawo, ndipo ine ndinkakaopa ndisanadziwe n'komwe chifukwa chake.

Chinali chaka chimene amayi anapezeka ndi chotupa m'bere. Amalume, mlongo wawo wa amayi, anachoka ku Limbe n'kudzakhala nafe ku Naperi kuti aziwaperekeza kuchipatala. Inali nyengo ya chiperoni. Nkhungu inkatsika kuchokera ku Soche n'kumeza nyumba za aneba, zovala zinkangokhala pachingwe osauma, m'nyumba monse mukununkha chinyontho ndi mankhwala.

Amalume ankafufuza za khansa. Ankakwera ndege kukayankhula kunja, ndipo amayi ankanyadira kuti zolemba za mlongo wawo zimawerengedwa ndi madokotala a mayiko amene ife sitinkatha n'kuwatchula komwe. Aneba ankaona zina. Mayi wina wa kuseri kwa mpanda, amene pakamwa pake sipankapita kutchuthi, anauza mnzake akuchapa, ine ndikumva: "Munthu sangotchuka chonchi popanda chizimba. Taonani mchemwali wakeyo mmene akuthera."

Za ndondocha mwana aliyense ankazidziwa. Wofuna kukhwima amapha m'bale wake m'matsenga, anthu n'kukaika thunthu la nthochi kumanda, pamene mwiniwakeyo ali kuseri kwa chitseko, lilime lodula, akugwirira ntchito womuphayo. Ndipo ndondocha imafunika kudyetsedwa.

Tsiku la opaleshoni amalume analowa m'chipatala ndi kabokosi kaja, n'kutuluka atakafungatira ngati khanda. Amayi anali atavomera okha. Ndinawamva akunena kuti, "Achimwene, kanyamako tengani. Ine kandithandiza chiyani?"

Kuyambira pamenepo amalume sankajomba ku labotale, ngakhale Lamulungu. Tikangotuluka m'tchalitchi ankati, "Ndikawadyetse kaye, angafe." Ankanena pamaso pa akulu a mpingo, osaphethira. Anthu ophunzira kwambiri nthawi zina amakhala ogontha. Sankamva mmene mawu amenewo ankagwera m'makutu mwathu.

Lamulungu lina ananditenga. Mu labotalemo munalibe munthu, koma mafiriji ankang'ung'udza mbali zonse ngati kuli wina akubuula chamumtima. Amalume anavala magolovesi n'kutulutsa kabotolo kaphwatalala, muli timadzi tofiirira ngati totsukira nyama. Anandinyamula kuti diso langa lifike pa makina oonera tinthu tosaoneka. Ndinaona tinthu tambirimbiri titathithikana ngati mazira a chule.

"Amenewa ndi maselo ochokera kwa mayi ako," anatero. "Dzana anali ochepa. Taona lero."

Ndinafunsa ngati akumva kuwawa. Amalume anaseka pang'ono, n'kuti ayi. Mumtima ndinati: amayi akanadandaula bwanji, lilime alibe?

Nyengo yonseyo ndinkayerekeza ziwirizi. Kunyumba amayi ankachepa, chitenje chikuwazungulira kawiri. Ku labotale m'kabotolo munkadzaza, mpaka amalume anagawira m'mabotolo ena. Ndinasiya kulandira chilichonse chochokera m'manja mwawo, ngakhale masikono amene ankabwera nawo kuchokera m'tauni. Ndinkapemphera kuti magetsi azime, kuti zam'botolozo zife, amayi abwerere athunthu. Magetsi ankazimadi, koma kumeneko kunali jenereta.

Amayi anamwalira mphepo ya Ogasiti itayamba kuulutsa fumbi. Poona nkhope, azimayi akuyimba, ndinatambasula dzanja n'kuwagwira khutu. Ndinkafuna kudziwa ngati linali thunthu la nthochi. Ndinapeza kachipsera kamene ndolo inawang'amba ali mtsikana. Anali iwo ndithu, ozizira ngati simenti ya pakhonde. Komabe m'mawa mwake, anthu asanabalalike pasiwa, amalume anatenga makiyi a galimoto n'kupita kukadyetsa. Ndinawada, ndipo chidanicho ndinakula nacho.

Lero amalume ndi nkhalamba yoiwalaiwala. Amene anaphunzira kwa iwo akuphunzitsa ena. Maselo aja akadali moyo, kuno ndi kunja, ndipo ofufuza amene sanaonepo Naperi amawatchula m'zolemba zawo ndi dzina la zilembo ndi manambala. Pamene nanenso ndinakayezetsa bere, dokotala wina wachitsikana ataona dzina la kwathu, lomwenso ndi la amalume, anaimirira n'kundigwira chanza ndi manja awiri. Ndinasangalala, koma tsitsi linandiima.

Mwana amene ndinali chaka chija ankaganiza kuti amalume akusunga amayi. Sakanamvetsa kuti m'kabotolomo simunali mchemwali wawo. Munali chimene chinkamupha. Ndipo munthu ameneyu, amene sindinamuone akulira pamaliro, ankadzuka m'mawa uliwonse kukachidyetsa ndi manja ake, chifukwa panalibe njira ina yochifunsira kuti chinalowera pati.