Chikhatho cha Gashe Wondimu

Nyumba ya mowa wa uchi ya kwa Askale, kuseri kwa msika wa ku Debre Markos, ndi yakale moti mapiri anaipeza ilipo kale, n'kupempha malo pambali pake. Anaiyamba ndi Emama Askale, mayi amene akatsokomola mabotolo ankasweka okha. Atamwalira inatsalira mkamwini wawo, Ato Mengesha, mlesi woti ntchentche zinkamanga banja pamphuno pake iye osagwedezeka. Koma onse awiri sankaphonya chinthu chimodzi: asanapereke botolo kwa munthu, ankatsanulira pang'ono m'chikhatho n'kupsontha, kuti womwayo aone kuti mulibe choipa.

Kenako nyumba inagwera Getahun, mwana wa Mengesha. Kufulula ankakutha, moti njuchi zinkabwera kudzafunsa nzeru. Koma chaka chimene mwana wake wamkazi anadwala mwakayakaya, Getahun analumbira kwa Gabirieli Woyera kuti mwanayo akachira, mowa sudzakhudzanso lilime lake. Mwana anachira.

Tsiku lotsegula anaika botolo pamaso pa Gashe Wondimu, telala wokalamba amene anakhalira benchi imodzi mpaka thabwa linaloweza matako ake. Mkuluyo anayang'ana botolo, n'kuyang'ana dzanja la Getahun.

"Chikhatho chili ndi chilonda, mwana wanga?"

"Ndinalumbira, Gashe. Mukudziwa."

"Ndikudziwa. Ndiye ndife ine poti iwe ndi Gabirieli munapangana?"

"Ine ndingakuthireni chiphe? Si munkandinyamula ndili khanda?"

"N'chifukwa chake ndikuopa. Ndinakugwetsapo kangapo."

Palibe amene ankaganizadi za chiphe. Kungoti mowa wosalawidwa sunkatsika pakhosi. Anthu ankaumwa atakwinya nkhope ngati mankhwala a malungo, ndipo mmodzimmodzi anasamukira kutsidya kwa msewu, kwa mayi wina amene ankalawa ndi mtima wonse. Mkazi wa Getahun anayesa kulawa m'malo mwake, koma asanafike pa tebulo lomaliza anali atayamba nyimbo ya maliro, anthu n'kumafunsana kuti wamwalira ndani.

Mabenchi anachita fumbi. Getahun anaona kuti zatsala ziwiri: kutseka nyumba ya agogo ake, kapena kuthyola lumbiro limene linamubwezera mwana.

Masana ena munalowa amalonda a ng'ombe odzaza mabenchi onse. Getahun anaimirira pamaso pawo, botolo litapendekeka pamwamba pa chikhatho chake. Panja mwana wake uja ankakazinga khofi, akuimba.

Wondimu, yemwe sanasiye benchi yake, anamugwira mkono.

"Usamupute mngeloyo, ali ndi lupanga. Tsanulira muno."

Anatambasula chikhatho chake. Chikhatho chimenecho, abale, mukanatha kusambitsiramo mwana. Anapsontha, natseka maso, nadikira.

"Sindinafe," anauza amalondawo. "Imwani."

Anamwa, naitanitsanso.

Kuyambira pamenepo Wondimu ndiye ankalawa botolo lililonse. Ankafika chitseko chisanatsegulidwe, ndipo sanapemphepo tchuthi. Anthu anabwerera, ngakhale ankadandaula kuti botolo likuwafika lili m'chiuno.

"Gashe, pindani chikhathocho pang'ono," Getahun ankapempha.

"Chiphe chimabisala pansi, mwana wanga. Ndikufuna ndichifike."

Getahun wakalamba osadziwanso kukoma kwa mowa wake, ndipo mwana uja anakwatiwa, ali ndi ake. Wondimu anapita kale; amene anasambitsa mtembo akuti njuchi zinawaperekeza mpaka kumanda. Masiku ano wolawa ndi mkamwini wa Getahun, wa kachikhatho ngati supuni. Koma mlendo akafunsa eni nyumbayo, anthu amatchula Askale, Mengesha ndi Wondimu. Getahun amangopukuta mabotolo, osatsutsa.